Kodi ndi Aigupto amene anatcha nyenyezi mayina? Yankho kwa mlonda wa usiku

Funso la lero lachokera kwa achimwene ena amene amagwira ntchito yaulonda. Akuti pa shifiti ya usiku amakonda kuyang'ana kumwamba, ndipo pali nyenyezi zitatu zondondozana ndi ina yowala kwambiri imene imabwera pambuyo pake, anazizolowera mpaka amadziwa kuti zikafika pakutipakuti ndiye kuti kwatsala pang'ono kucha. Ndiye anaona kavidiyo pa foni konena kuti nyenyezi zonse anazitcha mayina ndi anthu a ku Egypt wakale, ngakhalenso zija za Leo, Virgo ndi Scorpio. Akufunsa kuti kodi nzoona, nanga iwowo ankazitchula kuti chani, komanso masiku ano amapereka dzina kwa nyenyezi ndani, poti anamvanso kuti munthu utha kugula nyenyezi n'kuitcha dzina la mwana wako.

Achimwene, zikomo kwambiri, funsoli landisangalatsa makamaka poti lachokera kwa munthu amene thambo amaliona ndi maso ake usiku ndi usiku osati pa sikirini pokha. Zimene mumachitazo, zoti mukaona nyenyezi yakuti yafika pamwamba pa mtengo wakuti mumadziwa kuti ino ndi folo koloko, ku Egypt inali ntchito ya anthu apadera. Kunali ansembe amene ankachezera padenga la kachisi kuyang'ana nyenyezi n'kumalengeza maola kuti miyambo ya usiku ichitike pa nthawi yake. Ndiye nkhani imeneyi inuyo muimva msanga kuposa anthu ambiri amene anangoiwerenga m'mabuku.

Koma kavidiyo kaja kasakaniza zinthu. Mayina ambiri amene mungawaone mu apu ya nyenyezi ndi a Chiarabu, ena a Chigiriki ndi Chilatini, ndipo za Leo ndi Scorpio zija kwawo ndi ku Babylon, kumene lero kuli dziko la Iraq. Aigupto anali ndi thambo lawolawo, zithunzi zawozawo, mvuu, ng'ona, mwendo wa ng'ombe, mabwato, ndipo mayina awo a nyenyezi pafupifupi onse anafa pamodzi ndi chilankhulo chawo. Chimene anatisiyira ndi china, ndipo mwachivala pamkono, maola 24 aja a pa wotchi ndi masiku 365 a pa kalendala. Ndifotokoza bwinobwino, mungondipirira poti nkhaniyi ndi yaitali.

Tiyambe ndi nyenyezi zanu zija. Zitatu zondondozanazo makolo athu ankati Akamwiniatsatana, ndipo m'mabuku a sayansi ndi lamba wa Orion. Yowala imene imazitsatirayo ndi Sirius, palibe nyenyezi ina usiku yowala kuiposa, zimene zimaiposa ndi mapulaneti monga Nthanda. Aigupto ankaitcha Sopdet, mawu ochokera ku liwu lotanthauza chinthu chosongoka kapena chakuthwa, ndipo polemba ankajambula kachizindikiro kosongoka ngati munga. Agiriki atamva dzinali analitchula mwa lilime lawo kuti Sothis. Gulu la Orion lija Aigupto ankati Sah, ankamujambula ngati mwamuna waima m'bwato, ndodo ili m'manja, nthawi zambiri atacheukira kumbuyo, ndipo kumbuyoko kuli Sopdet m'bwato mwakenso akumulondola. Sah ankamuona ngati Osiris, mulungu amene anaphedwa n'kukhala mfumu ya akufa, pamene Sopdet ndi Isis mkazi wake. Mukadzaziona zikutuluka kum'mawa mudzamvetsa chifukwa chake, mwamuna amatsogola, mkazi amatuluka patapita kanthawi, ndipo usiku wonse amangomutsatira osamupeza.

Nanga n'chifukwa chani Sopdet ankamulemekeza chonchi? Nkhani ndi ya chakudya. Ku Egypt mvula ndi yosowa, ulimi wonse unkadalira kusefukira kwa mtsinje wa Nile. Mvula ikagwa kumapiri a ku Ethiopia madzi ankatsika ndi matope akuda achonde n'kumiza minda, akaphwa anthu n'kudzala. Ndiye chaka chilichonse Sirius imasowa kumwamba kwa Egypt kwa masiku pafupifupi 70, chifukwa nthawi imeneyo imakhala mbali imodzi ndi dzuwa, imatuluka masana n'kulowa masana. Kenako tsiku lina m'bandakucha, kum'mawa kutayamba kufiira, imaonekanso pansi penipeni kwa mphindi zochepa chabe dzuwa lisanaizimitse. Kalelo zimenezi zinkachitika chapakati pa July, nthawi yomweyo imene madzi a Nile ankayamba kukwera. Taganizani munthu amene wakhala miyezi ya chilimwe choopsa, mtsinje waphwa, nkhokwe yatsika, ndiye akuona kanyenyezi kaja kabwerera. Kwa iye inali nkhani ya moyo. Kusefukirako kunatha damu lalikulu la Aswan litamalizidwa mu 1970, koma nyenyeziyo ikubwererabe, masiku ano chakumayambiriro kwa August.

Masiku 70 amenewa muwasunge. Aigupto ankati nyenyezi ikasowa ndiye kuti yafa, yalowa ku Duat, dziko la akufa, kumene ikudziyeretsa kuti ibadwenso. Ndipo nthawi imene ankatenga pokonza mtembo wa munthu wolemekezeka kuti usawole, kuyambira tsiku lomwalira mpaka kuika m'manda, inalinso masiku 70. Zolembedwa zina zimene zili ku Abydos, m'nyumba imene anamangitsa mfumu Seti I, zimafotokoza za Nut, mulungu wamkazi amene thupi lake ndiye thambo, wawerama pamwamba pa dziko manja kumadzulo miyendo kum'mawa. Akuti amameza ana ake, dzuwa ndi nyenyezi, n'kudzawaberekanso, mpaka mwamuna wake Geb anakangana naye chifukwa cha zimenezi, ndipo amamutchula kuti nkhumba yaikazi yodya ana ake. Mawu oopsa, komatu akufotokoza chinthu chimene inu mumachiona tsiku lililonse, nyenyezi kulowa kumadzulo n'kudzatulukanso kum'mawa. Liwu lawo la nyenyezi linali seba, ankalijambula ngati kanyenyezi ka nsonga zisanu, ndipo liwu la khomo komanso la kuphunzitsa ankalilemba ndi zilembo zomwezo. Duat nayo nthawi zina ankailemba ngati nyenyezi ili mkati mwa kabwalo kozungulira.

Tsopano pa kalendala. Chaka chawo chinali ndi nyengo zitatu, Akhet ya kusefukira, Peret ya kumera kwa mbewu ndi Shemu ya kukolola, iliyonse miyezi inayi ya masiku 30. Zimenezo zikupereka 360, ndiye ankaonjezera masiku 5 kumapeto, amene ankati ndi masiku obadwa a milungu yawo Osiris, Horus, Seth, Isis ndi Nephthys. Kukhala 365. Vuto linali loti chaka chenicheni chili ndi kachidutswa ka tsiku pamwamba pake, pafupifupi maola 6, ndiye pa zaka 4 zilizonse kalendala inkatsogola ndi tsiku limodzi, ndipo pankafunika zaka 1,460 kuti tsiku loyamba la chaka likumanenso ndi kutuluka kwa Sopdet. Iwowo ankadziwa. Mu 238 BC mfumu Ptolemy III inalamula kuti pa zaka 4 zilizonse pazionjezeredwa tsiku, koma anthu sanatsatire. Julius Caesar ndi amene anadzazikhazikitsa ku Rome mu 46 BC, ndipo amene anamulangiza anali katswiri wa ku Alexandria, Sosigenes. Ndiye February 29 uja ali ndi mizu ku Egypt.

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalepo pang'ono chifukwa ndi pamene pagona nkhani ya mayina. Mwina mwaona kale kuti nyenyezi imene lero yatuluka folo koloko, pakatha mwezi imatuluka cha m'ma thuu koloko. Usiku uliwonse imafulumirako ndi mphindi pafupifupi 4. Pa masiku 10 ndi mphindi 40. Sabata ya Aigupto inali ya masiku 10, ndipo chaka chinali ndi masabata 36. Ndiye anasankha nyenyezi kapena timagulu ta nyenyezi 36 tondondozana mozungulira thambo lonse, totalikirana moti kena kakatuluka, kotsatira kamatuluka patatha mphindi ngati 40 zomwezo. Agiriki anadzazitcha ma decan, kuchokera ku liwu lawo la khumi. Sopdet anali mmodzi mwa iwo, ndipo enawo ankawasankha kuti azisowanso masiku ngati 70 monga iye.

Kagwiridwe kake kanali kotere. Sabata ino, nyenyezi yakuti ndi imene ikutuluka komaliza kusanache, ndiye ikuimira ola lomaliza la usiku. Sabata yamawa yafulumira, ikuimira ola lachiwiri kuchokera kumapeto, ndipo malo ake aja yatenga ina yatsopano. Imangokwera choncho sabata ndi sabata mpaka kufika pa ola loyamba, kenako yapuma ntchito. Pa usiku waufupi wa m'chilimwe, ukachotsa chisisira ndi m'bandakucha, nyenyezi zotere zimene munthu ankaziona zikutuluka mu mdima weniweni zinali 12. Basi usiku unagawidwa pa 12, kenako usana nawonso pa 12, maola 24 aja n'kubadwa. Maola awo sanali ofanana kutalika, ankatalika ndi kufupika malinga ndi nyengo, zowafananitsa zinabwera ndi Agiriki ndipo zogawa ola pa mphindi 60 ndi kawerengedwe ka ku Babylon. Koma 12 ndi 12 uja ndi wa ansembe a padenga aja.

Zimenezi tikuzidziwa chifukwa anazilemba, ndipo malo amene anazilemba ndi odabwitsa, mkati mwa zivindikiro za mabokosi a maliro. Ambiri mwa mabokosiwa anapezeka ku Asyut ndipo ndi a zaka za m'ma 2100 mpaka 1900 BC. Ukatembenuza chivindikiro umapeza tebulo la timabokosi, mizere 12 ya maola ndi mizere yoimirira ya masabata, kabokosi kalikonse kali ndi dzina la nyenyezi, ndipo dzina limodzi umaliona likukwera mopingasa kuchoka pangodya ina kupita ina. Pakati pake anajambula anayi, Nut atanyamula thambo, Sah, Sopdet ndi mwendo wa ng'ombe. Womwalirayo wagona m'bokosimo, thambo lonse lili pamwamba pake, kuti adziwe nthawi ndi njira kumene akupitako. Ine zimenezi zimandikhudza nthawi zonse, kuti anthu ankaopa kuti m'bale wawo angasochere mu mdima mpaka kumulembera wotchi m'bokosi.

Mayina ake nawo ndi okoma. Pali Kenmet, pali Hery-ib-wia kutanthauza wa pakati pa bwato, pali nkhosa, akamba awiri, mizimu iwiri, palinso Khau kutanthauza zikwizikwi, imene akatswiri angapo amati ndi Nsangwe zathu zija, zimene mu apu ndi Pleiades, poti ndi tinyenyezi tambiri tounjikana. Ena ndi ongonena malo, wa pansi pa chakuti, wotsogolera chakuti, wotsatira chakuti. Mukuona kuti sankatcha nyenyezi pofuna kukumbukira munthu kapena kukongoletsa. Nyenyezi inkalandira dzina ngati ili ndi ntchito. Zambirimbiri zimene zinalibe ntchito ankangozijambula ngati tinyenyezi tachikasu pa denga la buluu, topanda dzina.

Titembenukire kumpoto. Kumeneko kuli nyenyezi zimene kwa munthu wa ku Egypt sizilowa, zimangozungulira malo amodzi usiku wonse chaka chonse. Ankazitcha ikhemu-sek, zosadziwa kuwonongeka, pamene zinazi zotuluka ndi kulowa ankati zosadziwa kutopa. M'zolembedwa za m'mapiramidi, zimene zakale kwambiri zili m'piramidi ya mfumu Unas ku Saqqara cha m'ma 2350 BC, pemphero lalikulu ndi loti mfumu ikafa ikwere kukakhala pakati pa zosawonongekazo, kwinaku ikutchulidwanso kuti idzayenda ndi Sah, Sopdet akuwatsogolera njira. Gulu lalikulu kumpotoko ndi nyenyezi 7 zimene mu apu muzipeza pa Ursa Major, zooneka ngati chikho cha mpini wautali. Aigupto ankati Meskhetyu, mwendo wakutsogolo wa nkhunzi. Ankati ndi mwendo wa Seth, uja anapha Osiris, unaponyedwa kumwamba n'kumangidwa ndi tcheni pa chichiri, ndipo pali mvuu yaikazi yaima ndi miyendo iwiri, ng'ona ili kumsana kwake, ikuulondera kuti usachoke. Amene anawetapo mbuzi akudziwa mmene chiweto chomangidwa pa chichiri chimazungulira malo amodzi tsiku lonse. Ndi chithunzi chomwecho, ndipo chikufotokoza ndendende mmene nyenyezizo zimayendera.

Nyenyezi 7 zomwezo ankazionanso ngati kansompho, ndipo pa maliro wansembe ankakhudza pakamwa pa mtembo ndi kachida kooneka choncho, mwambo wotsegula pakamwa kuti womwalirayo athe kudya ndi kulankhula kumene wapita. Pa mwambo womwewo ankaperekanso mwendo weniweni wa ng'ombe.

Kumpoto komweko ndi kumene amisiri ankapezera mzere womangira. Anali ndi zida ziwiri zosavuta, merkhet, kamtengo kolendewera chingwe chomangirira kamwala kuti chiongoke, ndi phesi la tsamba la kanjedza lobooledwa kampata kosuzumirapo. Zida zotere za wansembe wina wotchedwa Hor zikusungidwa ku Berlin. Pa makoma a akachisi a Edfu ndi Dendera pali mawu onena za mwambo wokoka chingwe, mfumu ndi mulungu wamkazi Seshat akukhoma zikhomo za maziko, mfumuyo ikuyang'ana Meskhetyu. Ndipo piramidi yaikulu ya Khufu ku Giza, ya cha m'ma 2560 BC, mbali zake zinalunjika kumpoto molondola moti kuphonya kwake sikufika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 10 a digiri imodzi. Nthawi imeneyo Polaris, nyenyezi imene lero ili pamalo amene zinzake zakumpoto zimazungulira, sinali pamalopo, chifukwa dziko limapendekeka pang'onopang'ono ngati nguli ikamazungulira, ulendo umodzi zaka pafupifupi 26,000. Imene inali pafupi ndi malowo ndi Thuban. Mu 2000 katswiri wina, Kate Spence, anapereka ganizo loti ankadikira nyenyezi ziwiri, Kochab ndi Mizar, kuti ziime ina pamwamba pa inzake pa chingwe chija, ena amati ankagwiritsa ntchito dzuwa ndi mthunzi. Za zoti mapiramidi atatu a ku Giza anawayala motengera Akamwiniatsatana, zimene mavidiyo amazikonda kwambiri, musazitengere. Palibe cholembedwa cha Aigupto eni ake chonena zimenezo, ndipo mapiramidiwo anamangidwa ndi mafumu atatu pa nthawi zosiyana, Khufu, Khafre ndi Menkaure, pakati pawo panalinso Djedefre amene yake anakamanga kwina, ku Abu Rawash.

Ngati mukufuna kuona thambo lonse la Aigupto pa chithunzi chimodzi, sakani pa intaneti siling'i ya manda a Senenmut. Ameneyu anali nduna yaikulu ya mfumukazi Hatshepsut, mandawo ali ku Deir el-Bahari, ndi a cha m'ma 1470 BC ndipo anapezeka mu 1927. Theka lina la siling'iyo ndi kummwera, mndandanda wa ma decan, Sah wacheukira Sopdet, ndi mapulaneti m'mabwato awo. Theka linalo ndi kumpoto, nkhunzi, mvuu ndi ng'ona yake, mkango, mulungu wa mutu wa kabawi akulasa nkhunziyo ndi mkondo, ndi mabwalo 12 a miyezi. Mapulaneti ankawadziwa onse asanu ooneka ndi maso. Jupiter ankati Horus woika malire a maiko awiri, Saturn Horus nkhunzi ya kumwamba, Mars Horus wa m'mphepete mwa thambo ndipo kenako Horus wofiira, ankanenanso kuti amayenda chobwerera m'mbuyo, zimene Mars amaonekadi ngati akuchita nthawi zina. Mercury ankati Sebeg, Venus ankati wowoloka n'kumujambula ngati mbalame ya bennu yofanana ndi kakowa. Patapita zaka ngati 300, m'manda a Ramesses VI, VII ndi IX muli mawotchi a mtundu wina, munthu wakhala pansi, pamwamba pake pali mizere, ndipo mawu akuti nyenyezi yakuti ili pa diso lamanzere, yakuti pa khutu lamanja, yakuti pa phewa, yakuti pa mtima. Akatswiri amaganiza kuti ansembe awiri ankakhala moyang'anizana padenga, wina n'kumawerenga nthawi pa thupi la mnzake.

Komatu pa mayina onsewa, amene akatswiri onse amagwirizana kuti ndi nyenyezi iti kwenikweni ndi atatu basi, Sopdet, Sah ndi Meskhetyu. Zithunzi za m'manda sizinali mapu oyezedwa, ojambula ankakopera kwa anzawo akale n'kumasuntha zinthu kuti zikwane pa denga. Ndiye mukadzaona tsamba lina likupereka tebulo lathunthu, ili ndi ili, ilo ndi ilo, mudziwe kuti zambirizo ndi maganizo a wolembayo.

Nanga Leo ndi Scorpio zinalowa bwanji? Mfumu Alexander Wamkulu atalanda Egypt mu 332 BC dzikolo linalamulidwa ndi Agiriki kwa zaka pafupifupi 300, ndipo ndi nthawi imeneyo pamene zizindikiro 12 za ku Babylon zinafika. Chithunzi chotchuka chozungulira cha ku Dendera, chimene mavidiyo amaonetsa ngati umboni, ndi cha m'ma 50 BC, nthawi ya Cleopatra, zaka 2,500 piramidi ya Khufu itamangidwa kale. Mukachiyang'anitsitsa muona kuti ndi chosakaniza, nkhanira, nsomba ziwiri ndi sikelo za ku Babylon zili pamodzi ndi mvuu ndi mwendo wa ng'ombe pakati, Sopdet ali ngati ng'ombe yaikazi yagona m'bwato nyenyezi ili pakati pa nyanga, ndipo ma decan 36 andanda m'mphepete. Mwalawo anaudula pa denga la kachisi mu 1821 n'kupita nawo ku France, lero uli ku Louvre mumzinda wa Paris, ku Dendera kunatsala chofanizira. Gulu limodzi mwa magulu a lero limene nkhani yake inachitikiradi ku Egypt ndi Coma Berenices, tsitsi la Berenice, mkazi wa Ptolemy III yemwe uja, amene akuti anameta tsitsi n'kulipereka kukachisi mwamuna wake atabwerako bwino kunkhondo. Koma nawonso anali Agiriki.

Njira ya mayina a lero inadutsanso ku Egypt komweko koma mu Chigiriki. Cha m'ma 150 AD Claudius Ptolemy, katswiri wa ku Alexandria amene sanali wa banja lachifumu lija, analemba mndandanda wa nyenyezi zoposa 1,000 m'magulu 48. Zambiri sanazipatse mayina, ankangoti ya pakamwa pa nsomba, ya pa phazi, ya kumchira. M'zaka za m'ma 800 bukulo linamasuliridwa m'Chiarabu ku Baghdad, ndipo mu 964 katswiri wina wotchedwa al-Sufi analemba lake lokonza ndi kuonjezera mayina amene Aarabu a m'chipululu ankagwiritsa ntchito kale. Azungu atadzamasulira mabukuwa m'Chilatini anangotenga mawu a Chiarabuwo ngati mayina. Fomalhaut ndi pakamwa pa nsomba, Rigel ndi phazi, Deneb ndi mchira, Achernar ndi mathero a mtsinje, Aldebaran ndi wotsatira chifukwa amatsatira Nsangwe. Akamwini anu atatu aja ndi Alnitak, Alnilam ndi Mintaka, kutanthauza lamba, mkanda wa ngale, lamba. Betelgeuse, yofiira ija ya pa Orion, inali yad al-jawza, dzanja la Jawza, koma chilembo cha y m'Chiarabu chili ndi timadontho tiwiri pansi pamene b ali ndi kamodzi, wokopera wina anaphonya kadontho, ndipo cholakwikacho tikuchitchulabe mpaka lero. Sirius ndi Chigiriki, kutanthauza yowotcha, ndipo Aarabu amati al-Shi'ra, dzina limene lili mu Qur'an.

Kuchokera apo ndi nkhani ya zilembo ndi manambala. Mu 1603 Johann Bayer anayamba kupatsa nyenyezi zilembo za Chigiriki m'gulu lililonse, ndiye Sirius ndi Alpha Canis Majoris. Mu 1922 bungwe la akatswiri a zakuthambo la International Astronomical Union linavomereza magulu 88, malire ake anasindikizidwa mu 1930, ndipo kuyambira 2016 lili ndi komiti imene imavomereza mayina enieni a nyenyezi. Zokhala ndi mayina otere ndi mazana angapo chabe, pamene telesikopu ya Gaia yalemba nyenyezi zoposa biliyoni imodzi, zonsezo ndi manambala okhaokha.

Ndiye za kugula zija, achimwene, chonde ndalama zanu musataye. Makampani amenewo amakupatsani setifiketi yokongola n'kulemba dzinalo m'kaundula wawo basi, palibe katswiri kapena mapu amene adzalitchule, ndipo kampani ina itha kugulitsa nyenyezi yomweyo kwa munthu wina. Bungwe lija linanena poyera kuti siligulitsa mayina. Njira yeniyeni ilipo koma ndi yaulere ndipo ndi ya dziko lonse. Mu 2019 bungweli linapatsa maiko mwayi wosankha dzina la nyenyezi imodzi ndi pulaneti yake, ndipo anzathu a ku Zambia nyenyezi yawo, HD 85390 ya m'gulu la Vela, anaitcha Natasha, pulaneti yoizungulira n'kuitcha Madalitso. Inde, kumwambaku kuli dziko lina dzina lake lovomerezeka ndi la Chinyanja. Ndi maso simungaione, imafuna telesikopu kapena mabainokyula abwino. Kwa mwana wanuyo ine ndikanakonda mumutengere panja usiku wopanda mwezi mumuonetse Akamwiniatsatana, Nsangwe, Nthanda ndi Mlalang'amba, mayina amene ana ambiri a m'tauni sanawamvepo.

Poti muli kale panja usiku wonse, nazi zoti muyese. Kuyambira December mpaka March Sah amaoneka madzulo ndithu, mukatsatira mzere wa atatu aja mbali imodzi mufika pa Sopdet, mbali inayo mufika pa Aldebaran kenako Nsangwe. Kwathu kuno Sopdet amadutsa pafupifupi paliwombo penipeni, pamene ku Egypt amadutsa chakummwera, ndipo sasowa masiku 70 ngati kuja, amangovuta kumuona masiku ochepa kumapeto kwa June ndi kumayambiriro kwa July. Chakumapeto kwa July, nthawi yozizira ija, yang'anani kum'mawa cha m'ma faifi koloko, muona Sah watuluka chogona cham'mbali, Sopdet ali pansi pake chakumanja akuphethira mitundumitundu chifukwa cha mpweya wa pansi. Meskhetyu ndiye amafuna malo opanda mitengo ndi magetsi kumpoto, mu April ndi May cha m'ma naini koloko usiku, ali pansi ndithu komanso mozondoka, nyenyezi zinayi ndi ntchafu ndipo zitatu zokhota zija ndi mwendo mpaka kuchiboda. Kwathu kuno amalowa pakapita maola angapo, ndiye mukachedwa mpaka m'bandakucha simumupeza.